DUWA LA KU JERICHO

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, pa nthawi ya phunziro la za cilengedwe



Kanthu kamene ndanyamula m'dzanja langa aka, mutakaona pa bwalo la sukulu, mungauze mwana kuti akasese pamodzi ndi zinyalala. Kaoneka ngati cisa ca mbalame cogwa mu mtengo, kapena ngati nkhonya ya munthu wokalamba: timitengo touma, totuwa, topindikira m'kati, popanda tsamba ngakhale limodzi. Koma kanthu aka kacokera kutali, ndipo kali ndi mbiri yoposa msinkhu wace. Anthu a ku Ulaya akacha duwa la ku Jericho, mudzi uja umene Buku Lopatulika liucha Yeriko. Tsopano ndikaika m'mbale iyi ya madzi pano pa thebulo, ndipo tiyambe takaleka. Tidzakaonanso ndikatha kulankhula.

Ndiyambe ndi kuulula colakwa canga. Comera cimeneci ndinacilandira kwa mkulu wina wa mpingo amene anapita kukaona Dziko Loyera, nacigula kwa ogulitsa a m'mbali mwa mseu. Iye anandiuza zimene anamva kwa wogulitsayo, kuti comeraci cimafa ndi kuukanso. Ndipo ine, posafunsa zambiri, ndinapita naco ku sukulu. Zaka zingapo, ikafika nyengo ya Pasaka, ndinali kucibviika m'madzi pamaso pa ana ndi kuwauza kuti cakufa cakhalanso ndi moyo. Ana anali kukondwa, inenso ndinali kudziyesa mphunzitsi waluso. Koma caka cina mtsikana wina wosalankhula-lankhula anakweza dzanja nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati cauka, masamba ace ali kuti? Nanga bwanji caka catha cinali cotere, ndipo lero cikali cotere, osakula?" Ndinamuyankha monga timayankhira ife aphunzitsi tikapanikizidwa, kuti tidzaona mawa. Ndinacisiya m'madzi usiku umenewo, ndi m'mawa mwace, ndi mkuja wace. Tsiku lacinai cinayamba kununkha ndi kucita cuku, monga cicitira cikuni ciri conse cokhalitsa m'madzi. Tsamba silinatuluke ai. Koma pansi pa mbaleyo panali timbeu titatu, ndipo kamodzi kanali katatulutsa kamuzu koyera. Pamenepo ndinazindikira kuti zaka zonsezo ndinali kulozera ana moyo pamalo pamene panalibe moyo, ndipo pamene unali sindinayang'anepo. Zimene ndinaphunzira pambuyo pace ndizo ndifuna kugawana nanu lero.

Dzina lace la m'mabuku ndilo Anastatica hierochuntica. Analikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, m'buku lace lochedwa Species Plantarum. Liu loyambalo licokera ku mau a Cigriki otanthauza kuuka kwa akufa, ndipo laciwirilo licokera ku dzina la Jericho. Cotero muona kuti colakwa canga cija cinalowa ngakhale m'dzina lomwe, sindinasocere ndekha. Mtundu wa Anastatica uli ndi comera cimodzi cokha, comweci. Ciribe mbale wace wa bere limodzi. Ndipo ngakhale Azungu aciyesa rozi pocichula, sicili paubale uli wonse ndi rozi wa m'minda ya maluwa.

Abale ace eni-eni ali m'madimba mwathu. Comeraci ndi ca banja la mpiru, limene ophunzira alicha Brassicaceae, ndipo m'mabuku akale mudzalipeza ndi dzina la Cruciferae, ndiko kuti onyamula mtanda. M'banja limeneli muli mpiru, repu, kabici, cainizi, ndi zomera zina zoposa 3,000. Mukafuna kuti ana alidziwe, musawalembere pa bolodi. Siyani mpiru umodzi m'dimba la sukulu kufikira ucite maluwa, ndipo mwana ali yense athyole duwa limodzi. Adzapeza timasamba ta duwa tinai, toyang'anana tiwiri-tiwiri ngati mtanda. Akayang'anitsitsa m'kati adzawerenga timapesi tonyamula mungu 6, tinai tatitali ndi tiwiri tatifupi. Mbeu zikakhwima, khoko lace ling'ambika pawiri, ndipo pakati patsala kacikopa kopyapyala ngati pepala. Zizindikiro zitatu zimenezi ndizo mphini za banjali, ndipo comera ca m'mbale mwathu umu cinali nazo zonse m'masiku a moyo wace. Mwana wocenjera adzakubweretserani duwa la luni, nanena kuti nalonso liri ndi timasamba tinai ndi timapesi 6. Mumuyamike, pakuti luni ndi msuweni wa banjali, ngakhale awerengedwa m'banja lina. Timapesi tace sitisiyana utali monga ta mpiru.

Tsopano tipite kwao kwa comeraci. Cimamera kuyambira ku Morocco, kudutsa m'Sahara monse kufika ku Egypt ndi Sinai, ndi kupitirira ku Jordan, Arabia, Iraq, Iran, kufikira ku Pakistan. Ndilo dziko la miyala ndi mcenga, lopanda nkhalango, kumene udzu ndi zitsamba zimera patali-patali, ndipo munthu aona kutali kopanda mtengo wocinga maso. Mudzi wa Jericho uli m'cigwa cakuya, mamita oposa 250 kunsi kwa msinkhu wa nyanja yaikulu, pafupi ndi Nyanja ya Mcere. Mvula imene igwa kumeneko pa caka ndi mamilimita ngati 200 kapena kucepera. Pamene ku Chipata tilandira mamilimita ngati 1,000. Kumwera kwa cipululu ca Negev safika ngakhale pa 50, ndipo ziripo zaka zimene thambo lingopita osagwetsa kanthu koti munthu n'kuwerenga. Mvula yao ibwera pakati pa Novembala ndi Marici, miyezi yomweyo ya dzinja lathu, koma kwa iwo imeneyo ndiyo nyengo ya cisanu. Ndipo siibwera monga yathu, imene ikayamba tidziwa kuti yayamba. Yao igwa tsiku limodzi, nileka mwezi wathunthu, kapena osabweranso konse. Cifukwa cace comeraci cikonda m'makwawa ouma ndi m'malo olowa pansi, m'mene madzi othamanga asonkhana ndi kukhalitsa pang'ono.

Ndi comera ca caka cimodzi, monga cimanga ndi nyemba: cimera, cibala, cifa, ndipo sicipukanso pa tsinde. Moyo wace wonse utha m'masabata owerengeka, kapena miyezi yocepa ngati cinyezi ciripo. Cikamera citaya nthambi zace cam'mbali kucokera pa tsinde, pafupi ndi nthaka, ndipo kutalika kwace sikupitirira masentimita 15 kawiri-kawiri. Masamba ace ndi ang'ono, obiriwira motuwa, otambalala ku nsonga. Kutuwako ndi cifukwa ca ubweya umene uwakuta, ndipo mukayang'ana ndi galasi lokuza zinthu mudzaona kuti kaubweya kali konse kali ndi nthambi ngati nyenyezi. Maluwa ace ndi oyera, ang'ono zedi, okhala pa nthambi popanda phesi. Munthu angawaponde osadziwa kuti waponda maluwa. Khoko lace siliri lalitali ngati la mpiru ai, koma lalifupi ndi lobulungira, losaposa njere ya nyemba yaing'ono, ndipo m'kati mwace mukhala mbeu zinai, ziwiri mbali ino ndi ziwiri mbali inayo. Pa mbali iri yonse ya khokolo pali kanthu kotuluka ngati khutu, kapena ngati kasupuni. Makutu amenewa muwakumbukire, pakuti nchito yao tidzaiona posacedwa.

Cinthu cimodzi cimandidabwitsa kufikira lero, ndico kuti comeraci cidziyesera msinkhu monga mwa madzi amene capeza. Pa caka couma cingathe kukhala kanthu kocepa ngati cala ca mwana, kobala timakoko towerengeka pa dzanja limodzi, ndipo kafa katatsiriza nchito yace. Pa caka cabwino, m'khwawa lonyowa, cikula ndi kubala makoko mazana-mazana. Siciyembekeza kuti ciyambe cakula ndipo cibale pambuyo. Cifulumira kucita maluwa cikali cacing'ono, ndipo ngati madzi apitirira cionjezera nthambi ndi maluwa ena.

Kutentha kukafika, masamba ayoyoka, nthambi ziuma ndi kulimba ngati mtengo, ndipo pouma zipindikira m'kati, nsonga zonse kukomana pamwamba, kufikira comera conse cisanduka mpira monga munaona m'dzanja langa muja. Pano ndipo ndifuna kuti timvane bwino. Pa nthawi imeneyo comeraco cafa ndithu. Sicinagone tulo, sicinakomoke. Muzu wafa, nthambi zafa, ndipo palibe madzi amene angacibwezere. Cimene catsala ndi cigoba. Koma makoko aja sanagwe, ndiponso sanang'ambike. Ali m'kati mwa mpirawo, omamatira ku nthambi, ndipo m'kati mwa makoko muli mbeu zamoyo. Cigobaco ndi nkhokwe. Ciziteteza ku dzuwa, ku mphepo, ku mbalame, ku mbewa, ndi ku nyerere za m'cipululu zimene nchito yao ndi kututa mbeu zonse zogwa pansi. Ndipo nkhokwe imeneyi ingaime zaka zambiri, mbeu zikali zamoyo m'kati.

Nanga cinthu cakufa cifunyuluka bwanji? Yankho lace muli nalo ku nyumba kwanu. Citseko ca thabwa cimene cimatseka bwino m'cilimwe, m'dzinja cimakana kulowa, pakuti mtengo, ungakhale unadulidwa kale-kale, ukamwa madzi umatupa. Thabwa losiyidwa pa nthaka yonyowa limapindika, cifukwa mbali imodzi yatupa kuposa inzace. Nthambi za comeraci zinapangidwa mwa njira yakuti mbali ya m'kati ikanyowa italika kuposa mbali ya kunja, ndipo potero nthambi ikankhidwa kuti iwerame cakunja. Ikaumanso mbali ya m'katiyo ifupika, nthambi nibwerera. Zimenezi zingacitike kambiri-mbiri, caka ndi caka, ndipo sizifuna moyo, monga citseko canu sicifuna moyo kuti citupe.

Amene anapenyetsetsa zimenezi kumalo kwace kweni-kweni ndi Jacob Friedman wa ku Tel Aviv University pamodzi ndi anzace, amene analemba mu 1978 ndi mu 1980 zimene anaona m'cipululu ca Negev. Cimene cioneka ndi cakuti nkhokweyi iri ndi zitseko ziwiri, ndipo mfungulo wa zonse ziwiri uli ndi mvula. Citseko coyamba ndico nthambi. Mame a usiku sakwanira kuzitsegula, ngakhale kamvula kowaza kongopita. Pafunika mvula yeni-yeni, yonyowetsa mtengowo kwa maora ngati awiri. Citseko caciwiri ndico khoko. Nthambi zingatambasuke, koma ngati mvula yaleka pomwepo makoko akhalabe citsekere, dzuwa lituluka, mpira ufunyikanso, ndipo palibe mbeu imene yatayika. Koma ngati mvula ipitirira kubvumba pa comera cotseguka, madontho amenya pa makutu aja, monga munthu amenya ku nsonga ya supuni, ndipo mbali ya khoko ikanganuka, mbeu nidumphira pansi. Cotero mbeu siituluka pokhapokha mvula yagwa yokwanira kutsegula nthambi, ndi kupitirirabe pambuyo pace. Ndiyo mvula imene yanyowetsa nthaka mokwanira kuti kambeu kamere.

Ngakhale pamenepo sizituluka zonse. Makoko a kunja, a ku nsonga za nthambi, ndiwo ayamba kutseguka, ndipo a m'kati atsala kudikira mvula ina, kapena caka cina. Mbeu imene yagwa ikakhudza madzi khungu lace licita ngati thelele, ndipo imamatira ku nthaka ngati yagwidwa ndi ulimbo, kotero kuti mphepo siingaiulutse. Thelele lomwelo lisunganso cinyezi pozinga mbeuyo. Ndipo siicedwa: tsiku lisanathe kamuzu katuluka kale, pakuti m'dziko limenelo nthaka ya pamwamba iuma msanga, ndipo muzu wocedwa supeza kanthu.

Inu amene munakulira pa khasu mwazindikira kale nzeru imeneyi. Tonse tidziwa munthu wa m'mudzi mwathu amene anaona cizimalupsa cagwa mu Okutobala, natenga mbeu yace yonse kukabzala. Cimanga cinamera bwino, dzuwa linabweranso masabata atatu, ndipo pamene mvula yeni-yeni inafika iye anali kuyenda khomo ndi khomo kupempha mbeu. Mlimi wanzeru amakumba ndi cala kuona pamene cinyezi cafika, ndipo ngakhale pobzala amasiyako ngala zina pa tsindwi pamwamba pa moto. Ife timanyengedwa ndi mvula kamodzi pa zaka zingapo. Comera ici cikhala m'dziko limene mvula inyenga caka ciri conse, ndipo mtundu wace ukanatha kale-kale cikanakhala cotaya mbeu zonse nthawi imodzi.

Yerekezani ndi mitengo ya kwathu. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likatentha, mumamva makoko a mombo ndi a mtondo akuphulika m'nkhalango, ndi kuponya mbeu kutali. Imeneyo itaya mbeu zace pouma, ndipo itaya zonse, cifukwa mvula ya kwathu, ingakhale icedwe, imabwera. Comera ca m'cipululu citseka pouma ndi kutsegula ponyowa. Koma mphamvu yogwira nchito ndi imodzi-modzi, ndiyo kutupa ndi kufota kwa mtengo wakufa. Ici mungacionetse kwa ana popanda kugula kanthu: atole makoko opotoka a pansi pa mombo, muwabviike m'beseni m'mawa, ndipo pofika madzulo adzakhala atayamba kuongoka, muwayanike pa dzuwa, adzapotokanso. Palibe mwana amene adzanena kuti khoko la mombo lauka kwa akufa.

Pali nkhani ina imene mudzaipeza m'mabuku ambiri, yakuti mpirawu ukauma mphepo iuzula ndi kuugubuduza m'cipululu kufikira upeze madzi. Nkhaniyo ndi yokoma m'makutu, ndipo inenso ndinaiphunzitsa. Koma amene anakhala m'cipululu ndi kuyang'anira zomerazi caka ndi caka anapeza kuti zigobazo zikhala pomwepo, zogwidwa ndi muzu wao wolimba wolowa pansi, ndipo ana amera mozungulira mai wao wakufayo, kupatula mbeu zimene madzi othamanga azitengera kunsi kwa khwawa. Inde, cimodzi-cimodzi cingazulidwe ndi madzi osefukira kapena ndi ciweto, ndipo zambiri zizulidwa ndi anthu okagulitsa. Koma kugubuduka si njira yace yofesera mbeu. Ndipo mukaganiza, ndi pomveka. M'dziko limene malo okhala ndi cinyezi ndi osowa, pamene mai anamera ndi kubala ndipo pali umboni wakuti mwananso angamere. Kupita ndi mphepo ndiko kusiya codziwika kutsata cosadziwika.

Popeza ambiri a ife tiphunzitsanso Mau a Mulungu, funso lidzabwera lakuti kodi comeraci cichulidwa m'Baibulo. M'buku la Mphunzitsi Sira, limene liri m'Baibulo la Akatolika, mutu 24, muchulidwa maluwa a rozi a ku Jericho. Koma pamenepo achulidwa pamodzi ndi mitengo yokongola monga kanjedza ndi azitona, ndipo odziwa za zomera za m'Baibulo sabvomereza kuti ndi kanthu kotuwa aka. M'Salmo 83 ndi pa Yesaya 17 muli liu la Cihebri lakuti galgal, lonena za cinthu cogubuduzika ndi mphepo. Ena akale anati ndi comera comweci; koma ambiri tsopano aloza ku comera cina ca minga cochedwa Gundelia tournefortii, cimene cikauma cimathyoka pa tsinde ndi kugubuduka ndithu. Cotero kunena moona, tiribe ndime imene tingaiike cala ndi kuti, Pano ndi pamene cichulidwa. Ca m'banja lace cimene cichulidwa poyera ndi kambeu ka mpiru ka m'fanizo lija.

Koma anthu acilemekeza kuyambira kale. Aulendo a ku Ulaya opita ku Dziko Loyera zaka mazana apitawo anali kubwera naco kwao, ndipo m'nyumba zina cinali kusungidwa ngati cuma ca banja, ndi kubviikidwa usiku wa Khrisimasi. Aarabu acicha kaff Maryam, ndiko kuti dzanja la Mariya, pakuti cikafunyuluka cifanana ndi nkhonya imene itambasula zala. Asilamu opita ku Mecca acigula kumeneko, ndipo ku Malaysia ndi ku Indonesia acichula ndi dzina la Fatimah. M'maiko onsewa nchito yace yodziwika ndi ya pa ucembere: mai akayamba kumva zowawa aciika m'madzi pambali pace, pokhulupirira kuti monga cifunyuluka ico, njira ya mwana idzatsegukanso, ndipo ena ammwetsa madziwo. Kuciyang'ana m'mbale sikupweteka munthu, ndipo kapena kumalimbitsa mtima wa mai wa mantha. Koma za kumwa, tinene monga anena anamwino za mankhwala onse ofulumizitsa kubala, a kwathu kuno ndi a kutali omwe: palibe adziwa muyeso wace, ndipo mai wa pathupi malo ace ndi ku cipatala.

Cenjerani ndi cinthu cina. Dzina la duwa la ku Jericho ogulitsa alipatsanso comera cimene sicinaone Jericho ndi kale lomwe. Ico ndi Selaginella lepidophylla, ca ku cipululu ca Chihuahua, ku Mexico ndi Texas. Siciri ca banja la mpiru. Sicicita maluwa kapena mbeu. Naconso cikauma cifunyika ngati mpira, koma ndi cofewa ngati nthenga, ndipo cikabviikidwa citambasuka ndi kubiriwira, pakuti ico cingathe kuuma gwa cikali ndi moyo. Cotero pali cosokoneza: cimene ciri ndi dzina la kuuka siciuka, ndipo cimene citsitsimukadi ndi cobwereka dzina. Kuzisiyanitsa sikubvuta. Cathu ici ndi timitengo tolimba, ndipo cikatseguka cikhalabe cotuwa.

Ndipo mukafuna comera cotsitsimukadi, simusowa kutumiza ku Mexico. Pa matanthwe a m'mapiri a kuno kwathu, ndi ku Malawi, ku Zimbabwe, kufikira ku South Africa, m'ming'alu momwe muli dothi locepa, mumera kacitsamba kamene m'mabuku kachedwa Myrothamnus flabellifolius. Ashona akacha mufandichimuka. Inu mufunse akulu a kwanu dzina lace la kumeneko, pakuti ambiri amakadziwa ngati mankhwala a cifuwa. M'cilimwe kaoneka kouma ngati tsace lakutha, timasamba tace topindika ndi tofiirira, ta pfungo lokoma mukatifikisa. Thyolani kanthambi, mukaike m'kapu ya madzi madzulo. M'mawa mudzapeza timasamba tatambasuka ndi kubiriwira. Kameneko kanali ndi moyo nthawi yonseyo, kanangouma. Ine ndinayenda zaka zambiri pafupi ndi kacitsamba kameneka, ndiri kuonetsa ana zodabwitsa zogula kunja.

Ndisapeputse mlendo wathu, komabe. Pamene ali wamoyo, masabata ocepa aja, ali ndi mphamvu zimene abale ace a m'dimba alibe. Mu 2017 ophunzira a ku Ben-Gurion University, m'Negev momwemo, anaonetsa kuti apirira kutentha, mcere wa m'nthaka, ndi kusowa kwa cakudya ca m'nthaka, kuposa mbale wace Arabidopsis thaliana, kaudzu kamene akatswiri a zomera akaphunzira kuposa kena kali konse. Cimene afuna pa kafukufuku wotere ndi kudziwa cinsinsi ca kupirirako, kuti kapena tsiku lina cithandize mbeu za m'munda. Ndipo ife amene taona repu alikufota pa dzuwa la Okutobala tidziwa cifukwa cace nkhaniyo iri yofunika.

Wina adzandifunsa kuti, Nanga pa Pasaka muleka kucionetsa? Ai, sindinaleke, koma ndinasintha mau. Tsiku lija ndinabwerera kwa ana ndi mbale m'manja, ndipo ndinawauza kuti mnzao ananena zoona ndipo ine ndinalakwa. Sicinali copepuka, pakuti ife aphunzitsi tinazolowera kuti colembera cofiira cikhala m'dzanja lathu. Koma ndinaopa ici: mwana amene wapeza yekha kuti fanizo la aphunzitsi linali lonama, sadzataya fanizo lokha, angathe kutaya pamodzi ndi cimene fanizolo linali kunyamula. Ndipo ana a m'midzi adziwa kusiyanitsa nkhuni ndi mtengo wamoyo kuposa ife. Tsopano ndimawaonetsa cigoba ndi kuwauza kuti ndi cakufa, kenaka ndimawaonetsa mbeu. Abusa ali pano angatikumbutse kuti mtumwi Paulo, polongosola za kuuka pa 1 Akorinto 15, anasankha fanizo la mbeu yofesedwa; zotsalazo ndisiyira iwo, pakuti munda umenewo ndi wao.

Kwa amene adzapeza comeraci, kasungidwe kace ndi kosabvuta. Musacisiye m'madzi kupitirira tsiku limodzi, mungadzaone cuku monga ndinaonera ine. Mukatha phunziro ciyanikeni pa mphepo kufikira cifunyike, ndipo mucisunge m'citini couma. Mukafuna kuti ana aone citseko caciwiri cija, cikatambasuka muciike pa nsalu yoyera ndi kudonthezera madzi kucokera m'mwamba ndi citini coboola, monga mvula. Ngati mukali mbeu, zina zidzagwa pa nsaluyo, ndipo ana azikhudze ndi cala amve thelele lace. Kuti zimere ndi kukula kuno ndi kobvuta, cifukwa dzinja lathu licinyowetsa mopitirira. Koma mungayese m'citini ca mcenga pa khonde, m'miyezi ya cisanu, ndi madzi ocepa.

Tsopano tiyang'ane m'mbale yathu. Muona kuti nthambi za kunja zayamba kulekana, ndipo mpira uja suli wothina monga unaliri poyamba; pofika nthawi ya cakudya ca masana cidzakhala citatambasuka conse. Bwerani pafupi mzere ndi mzere, a kumbuyo ayambe. Galasi lokuza zinthu liri pambali pa mbale. Muyang'ane pakati pa nthambi, mupeze timakoko ndi makutu ace awiri, koma conde musatithyole, pakuti tatsala tocepa.